Utsi wa padoko

Chifunga cha m'mawa uno kuno ku Handsworth, ku Mangalande, chabisa ndi nambala yomwe ya basi yopita ku shifiti. Chandikumbutsa holo ya ku mishoni kwathu, kumene wansembe wachifalansa ankationetsa kanema wakale wakwawo, jenereta ikununkha dizilo panja, ine ndili mwana. Mu kanemayo munali bambo wothawa apolisi, ataima padoko la sitima zapamadzi, chifunga chili ponseponse, ine n'kumati ndi utsi.

“Malume, atentha tchire? Akusaka mbewa?” ndinafunsa.

“Khala chete, iwe. Akudikira sitima.”

Sitima inanyamuka iye atawomberedwa kale. Ine ndinkangodandaula kuti mbewa sizinaoneke.

Basi yachedwanso. Tsopano ndikudziwa kuti utsi uja ulibe moto, ndipo munthu akhoza kuimamo zaka zambiri akudikirabe ulendo wakwawo.