Makalata Awiri a Wokonza Mawailesi

Anataipi si dzina limene anabadwa nalo. Linachokera kwa anthu amene ankakhala pa benchi kunja kwa kachipinda kawo kudikira kuti awatayipire makalata, ndipo linawakakamira mpaka adzukulu awo omwe amawaitana choncho. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, pa makina a taipi aja olira ngati matalala pa malata. Pambuyo pake anagula kompyuta yotuwa, yolemera ngati thumba la simenti, ku ofesi ina imene inkatsekedwa. Kachipinda kawo kali pakati pa malo ometera ndi sitolo ya utoto, moti makalata awo amanunkhira pang'ono mafuta a tsitsi ndi tinala wosungunulira utoto.

Masiku a kompyuta yotuwayo, kalata iliyonse ankaisunga pa disiketi, timbale tapulasitiki tam'mbali zinayi tija tokhala ndi kachitseko kachitsulo kotsetsereka. Ankatero chifukwa anthu amakonda kubwerera mawa lake kuti musinthe liwu limodzi. Kompyutayo itafa anagula ina, kenako ina, ndipo zatsopanozo zinalibe pakamwa polowetsera disiketi. Madisiketi anatsala m'katoni ya nsapato pamwamba pa kabati, fumbi n'kumachita zake.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina wa zaka makumi anayi ndi zingapo, atavala malaya oyera a ogwira ntchito mu famase, mogulitsira mankhwala. Analibe pepala loti alitayipitse. Anakhala pa mpando, chikwama ali nacho pamiyendo, n'kufotokoza kuti iye ndi mwana wa bambo uja ankakonza mawailesi kuseri kwa siteji ya mabasi. Anachoka pakhomo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kutsatira mwamuna amene bambo ake anamukana, ndipo sanalankhulanenso mpaka bamboyo anamwalira. Mwezi wathawo azakhali ake, ali chigonere m'chipatala, anamuuza kuti bambo ake anapita kwa Anataipi kukamulembera kalata. Kalatayo sinamupeze.

"Amayi, sindikudziwa ngati mumasunga zinthu zakale chonchi," anatero mayiyo. "Ndingofuna kudziwa zimene ananena."

Anataipi anamukumbukira bambo wa mawailesi. Anali wamfupi, magalasi ake omangidwa ndi waya mbali imodzi, zala zakupsa ndi chowotcherera. Koma za kalata, m'mutu munali mbee. Anamuuza mayiyo kuti abwerenso Lachisanu, ngakhale iwo eni sankadziwa chimene adzamuonetse.

Atatsitsa katoni ija anapeza madisiketi oposa makumi asanu, ndipo zolembedwa pamwamba pake sizinawathandize. Ina inalembedwa kuti "Makalata", ina "Makalata ena", ina "Zina", ina "Zina za zina". Zitatu zinalembedwa kuti "Osafufuta", popanda kunena chifukwa. Dzanja linali lawo ndithu, koma maganizo a munthu amene analemba zimenezo sanawamvetse.

Ananyamula katoni yonse kupita nayo kwa mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, bambo wadazi amene amakonza mafoni ndi makompyuta m'chipinda cha pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja. Mlamuyo atatsegula katoni anaseka mpaka kukhosomola, n'kufunsa ngati abwera ndi zimenezi kuti aziikapo makapu a tiyi. Komabe anagwada, nafukula m'bokosi la zingwe zopiringizana, natulutsa kabokosi kakuda kopyapyala kokhala ndi chingwe chachifupi. Anati kameneka kamalumikizidwa pomwe timabaya fulashi, ndipo ngati sikanafe ndi ukalamba, kawerenga.

Disiketi yoyamba italowa, kabokosiko kanayamba kulira ngati khoswe akukukuta thabwa. Kanalira, n'kusiya, n'kuyambanso. Kenako pa sikirini panatuluka funso. Anataipi, poti anazolowera kuti kompyuta ikafunsa umangovomera kuti ntchito ipitirire, anatambasula dzanja kuti adine povomera. Mlamu wawo anawagwira pamkono.

"Alamu, mukanapha makalata onse apa. Ikufunsa ngati ifufute disiketi yonse."

"Ifufute chifukwa chiyani? Ndaituma kuti iwerenge."

"Yalephera kumva zimene zalembedwamo."

"Ndiye chinthu chikapanda kumva, chizifufuta?"

Mlamuyo anayesa kufotokoza, koma pamene ankafotokoza m'pamene Anataipi ankasokonezeka. Anati disiketi ina ndi yakufa, ina ndi yamoyo koma kompyuta yatsopano siidziwa chilankhulo chake, inanso ikhoza kuwerengeka lero n'kukana mawa. Anataipi anafunsa kuti nanga yakufa ndi yongokana uzisiyanitsa bwanji. Iye anati sungasiyanitse, umangoyesanso. Anakankha kachitseko ka disiketi ina n'kuwaonetsa timadontho toyera ta nkhungu mkati mwake, nati imeneyo asaiike n'komwe, ingadwalitse kabokosi.

Anatha masiku awiri akuchita zimenezo, Anataipi atatseka kachipinda kawo masana onse. Madisiketi amene anavomera ankaonetsa mndandanda wa mayina afupiafupi, chifukwa kompyuta yakale ija sinkalola dzina lopitirira zilembo zisanu ndi zitatu. Panali WAMBUZI, AZIBUSA, WOLUMALA, MKANGANO, MKANGAN2. Anthu onsewa anakhalapo pa benchi yawo, koma nkhope zimene zinabwera m'maso mwawo zinali zitatu kapena zinayi basi.

Tsiku lachitatu, pa disiketi yolembedwa kuti "Zina za zina", anaona dzina lakuti WAILESI. Pansi pake penipeni panali lina, KWAMWANA. Atatsegula loyambalo, sikirini inadzaza ndi timabokosi, timitima, tinkhope tomwetulira ndi zilembo zokhala ndi madontho pamutu. Anataipi anaganiza kuti kalata yavunda. Mlamu wawo anati ayi, pulogalamu imene analembera inatha kalekale, ndipo zinyalalazo ndi malangizo ake a mizere ndi mipata. Anaitsegulanso ndi pulogalamu ina yosavuta, ndipo pakati pa zinyalalazo panayamba kuoneka mawu, ngati mbewu m'munda wosalimira.

Kalata ya WAILESI inali yaifupi. Inati: "Kafyuzi, wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Usadzapondenso pakhomo panga. Kawailesi kako kofiira ndakakonza, vuto linali sipika. Kali pa shelefu. Usatume munthu, sindipereka kwa munthu wotumidwa."

Ya KWAMWANA inali yaitali. Inayamba ndi mawu akuti "Mwana wanga wokondedwa, ndikulemba ndi mtima wosweka koma wodzala ndi chiyembekezo." Inati zonse zakhululukidwa, inati mayi ako akumaikabe mbale yako patebulo, inati bwera kunyumba tidzakambirane. Chakumapeto inaduka pakati pa liwu, kutsogolo kwake timabokosi tokhatokha.

Anataipi anapumira m'mwamba, nati nkhani yaphweka, angoona kuti yomaliza kulembedwa ndi iti. Mlamu wawo anawalozera madeti. Makalata onse awiri analembedwa pa 1 Januwale 1980. Ya WAMBUZI nayo pa 1 Januwale 1980, ya AZIBUSA chimodzimodzi. Chaka chimenecho mayi wa ku famase anali asanabadwe, ndipo Anataipi anali asanaionepo kompyuta ndi maso. Mlamuyo anati kabatire ka wotchi ya m'kati mwa kompyuta yotuwa ija kanali katatha, ndiye m'mawa uliwonse ikayatsidwa inkadzuka ikuganiza kuti ndi tsiku lomwelo. Anataipi anakumbukira kuti inkafunsadi deti ikamayaka, iwo n'kumangodina kuti ipitirire.

Pobwerera, ali pa basi, anawerenganso makalata awiriwo pa mapepala amene mlamu wawo anawasindikizira, ndipo m'pamene chinthu china chinawalasa. Mawu aja akuti mtima wosweka koma wodzala ndi chiyembekezo anali awo. Anawalembapo kambirimbiri. Pa zaka zonse za ntchito yawo anali ndi kachizolowezi kamene sankakaona ngati kolakwa. Munthu akabwera atafufuma ndi mkwiyo, ankatayipa zimene wanena liwu ndi liwu, kenako ankalemba ina yofewa n'kumuwerengera zonse ziwiri kuti asankhe yekha. Ambiri ankasankha yofewayo, ena n'kumathokoza kuti mwandilanditsa. Ena ankakalipa kuti sindinabwere kudzaphunzitsidwa kulankhula. Ndiye kalata yachiwiriyi mwina bambo wa mawailesi anabwera nayo tsiku lina mtima utatsika, iwo n'kungoikongoletsa. Mwinanso anailemba okha bamboyo ali chikhalire pa mpando, iye n'kuikana. Nanga za mbale patebulo akanazidziwa bwanji iwo, ngati sanauzidwe ndi mwini wake? Ndipo ngati anasankha imodzi, bwanji sinafike? Anayesa kumuona bamboyo akutuluka pakhomo ndi envulopu m'manja, koma chimene ankaona ndi magalasi omangidwa ndi waya basi.

Mlamu wawo anali atawalangiza kuti apereke yofewa yokhayo, inayo aing'ambe, poti wakufa sadzabwera kudzatsutsa. Anataipi anavomera ali pansi pa masitepe paja, anakana ali pa basi, anavomeranso akutsegula loko wa kachipinda kawo. Lachisanu m'mawa anaika makalatawo m'maenvulopu awiri kuti adzasankhe mayiyo akafika. Atafika, anapeza kuti maenvulopuwo ndi ofanana ndipo sakudziwanso kuti ili muno ndi iti. Anangomupatsa onse awiri, n'kumuuza zonse: za madeti, za chizolowezi chawo chofewetsa makalata, ndi kuti sakukumbukira kanthu.

Mayiyo anayamba kutsegula yaitali ija. Anaiwerenga mpaka pamene inadukira, nkhope yake osasintha, ngati akuwerenga pepala la mankhwala. Kenako anatsegula yaifupi. Atangoona liwu loyamba anaseka, kuseka kwenikweni kogwira pakamwa, ndipo kusekako kunasanduka misozi asanafike pa mzere womaliza. Anataipi anadzuka n'kutseka chitseko kuti a pa benchi asaone.

Atadzipukuta m'maso anafotokoza kuti Kafyuzi ndi dzina limene bambo ake okha ankamuitana, chifukwa ankapsa mtima msanga ngati fyuzi ya wailesi. Palibe wina anamuitanapo choncho kwa zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Awa ndiye bambo anga," anatero akugwedeza pepala lalifupilo. "Liwu lakuti wokondedwa sanalitchulepo, ngakhale kwa mayi anga."

"Komatu akukuthamangitsani m'menemo, achemwali."

"Akundithamangitsa, eya. Koma akuti osatuma munthu. Ndiye kawailesiko ndikanakatenga bwanji osaponda pakhomo?"

Anataipi anatenga pepalalo n'kuliwerenganso. Analiwerenga kasanu chiyambire Lachitatu, koma zimenezo sanazione. Sanadziwe ngati bamboyo anatanthauzadi choncho, kapena mwana wake akungofuna kuti zikhale choncho. Anafunsa za mbale patebulo, poganiza kuti mwina pamenepo pali mawu a bamboyo. Mayiyo anapukusa mutu. Anati kwawo tebulo linalipo limodzi, ndipo linkadzaza ndi mawailesi otsegulidwa mimba amene anthu anabweretsa. Aliyense ankadya mbale ili pamiyendo.

Apa Anataipi anayamba kudzifunsa. Ngati mbaleyo sinali ya kwa wokonza mawailesi, ndiye inali ya kwa yani? Inachokera m'nyumba ya munthu wina amene anakhalapo pa mpando womwewo, mayi wina amene ankaikiradi mwana wake mbale, ndipo iwo anaitola n'kukaiika m'kalata ya eni ake. Anapepesa. Mayiyo anati palibe chopepesa, ndipo anapinda makalata onse awiri n'kuwaika m'chikwama. Anati yaitaliyo akawawerengera azakhali ake kuchipatala, chifukwa iwo akhala akudikira kumva kuti mlongo wawo anafewa asanafe. Anataipi anafuna kunena kuti zimenezo sizikudziwika, koma mayiyo anali ataimirira kale, akuti nthawi ya ntchito yamuthera.

Sabata yotsatira mlamu wawo anawabweretsera fulashi yaing'ono ngati chala, momwe anakoperamo zonse zimene madisiketi amoyo anavomera kupereka, makalata mazana atatu ndi angapo. Anafunsa ngati katoni ija aitaye. Anataipi anati ayi, kenako anati kaya, kenako anamuuza kuti aisunge kaye pansi pa masitepe pomwepo, chifukwa iye yemwe ananena kuti yokana lero ikhoza kuvomera mawa.

Mayi wa ku famase anaimba foni kamodzi. Anati azakhali ake anamvetsera kalata yaitali ija maso ali otseka, n'kunena kuti mlongo wawo analankhula ngati m'busa, zimene sanaziyembekezere, koma anakondwa. Azakhaliwo anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Anataipi anapita ku maliroko, anakhala kumbuyo pakati pa anthu osawadziwa, ndipo mayi wina woyandikana nawo mpando atawafunsa kuti iwo ndi achibale a mbali iti, anaganiza kanthawi ndithu asanayankhe kuti ndi a ku ntchito.