Galimoto ya a Zilowa

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense amawatcha a Zilowa, chifukwa bawuti ikakana kulowa, iwo amatenga hamala n'kunena kuti, "Zilowa basi."

Atatopa ndi kufola pamzere wa mafuta, a Zilowa anazula injini m'galimoto yawo yakale kuti iziyendera magetsi. Mota anaichotsa pa chigalimoto chonyamulira katundu m'fakitale, mabatire anawapeza kwa wogulitsa masola, nthambo anazisolola m'firiji yakufa ya akazi awo. Mota itakana kugwirana ndi giyabokosi, anasula chitsulo n'kuzikwatitsa mokakamiza.

Alamu awo, okonza zamagetsi, anasuzumira m'boneti. "Alamu, motayi imazungulira mosemphana ndi injini mwachotsayo. Sinthanitsani nthambo ziwirizi."

"Mwabwera kudzaona kapena kudzandiphunzitsa?" anatero a Zilowa akumenyetsa boneti.

Tsiku loyesa galimoto, msewu wonse unasonkhana. A Zilowa anaponya giya yoyamba, dzanja lili m'mwamba kubayibitsa anthu. Galimoto inanyamuka mwakachetechete, chambuyo, n'kukagumula khola la nkhuku. Anayesa yachiwiri, inabwererabe m'mbuyo, koma mwaliwiro. Ataponya rivesi, m'pamene inayamba kukwawira kutsogolo.

"Mwaonatu," anatero akupukuta thukuta, "ikuyenda."

Mpaka lero nthambo ziwirizo sanazikhudze, poti kuzikhudza n'kuvomera kuti alamu ananena zoona. Kuntchito amapita pa rivesi, anjinga akuwapitirira, ena akuwafunsa ngati akuperekeza maliro. Koma alamu aja akangotulukira kutsogolo, a Zilowa amaponya giya yachinayi, n'kuzimiririka chambuyo.