Vidiyo ya Ukwati wa Mlongo Wanga Inathera Pakhomo la Tchalitchi

Inu a situdiyo ya mavidiyo pa boma la Chama, ndikunena inu. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa.

Mlongo wanga Tamara anakwatiwa mwezi watha kuno ku boma. Adada sanabwere. Miyendo inawakana kalekale, ali gone kwathu ku Kambombo. Anangopempha chinthu chimodzi: "Mukanijambulire, nizaone mwana wanga mu velo."

Tinakulembani ntchito. Munajambula. Kenako munanditumizira linki kuti nditsitse vidiyo pa seva yanu, kompyuta yosungira mafayilo pa intaneti. Ine ndinali kumudzi, komwe netiweki ndi ya mwayi, ndiye ndinapalasa njinga mpaka ku boma, laputopu kumsana. Ndinatsitsa, makina nkulemba kuti zatheka. Ndinayang'ana poyambira, zithunzi zikuyenda bwino. Ndinabwerera mtima uli m'malo.

Loweruka masana tinawakhazika adada pampando, anansi adzaza pakhonde. Kwaya ikuimba, galimoto ya mkwatibwi yafika, Tamara watsika, waponda pakhomo la tchalitchi. Basi, chithunzi chinauma pomwepo. Kubwezera, chimodzimodzi.

Adada anafunsa, "Nanga walekeranji kulowa?"

Lolemba m'mawa ndinali pa situdiyo. Mwini wake, maso ali pa foni, akuti vuto ndi netiweki yanga. Ndinati chabwino, ndipatseni ndikopere pompano. Akuti, "Aphunzitsi, manje fayilo ija kulibe. Kasitomala akatsitsa, seva imafufuta yokha kuti malo apezeke."

Nanga khadi la mu kamera? Akuti anajambulirapo kale ukwati wina.

Ine ndimaphunzitsa makompyuta, ndiye ndinafunsa: seva yanu inadziwa bwanji kuti fayilo yandifika yathunthu? Akuti inalemba kuti zatheka. Ndinafunsa za chekisamu. Anaseka, akuti, "Izo n'za ku Lusaka."

Za ku Lusaka? Anzanga, chekisamu si ufiti. Ndi kamzere ka manambala ndi zilembo komwe kompyuta imawerengera kuchokera m'fayilo, ngati chidindo cha chala. Seva imaonetsa kake, iwe ukatsitsa umawerengera kako. Zikafanana, fayilo ndi yathunthu. Zikasiyana, yaduka panjira, utsitsenso. Zoona munthu angafufute ukwati wa eni ake asanatsimikize zimenezi? Ngakhale wogula chimanga amayamba wayeza thumba.

Inde, ndikanaonera vidiyo yonse ndisananyamuke. Koma ndani anandiuza kuti ndikangotsitsa, inu mufufuta? Palibe. Pa linki simunalembe, pakamwa simunanene.

Pomaliza akuti andijambulira chikondwerero china mwaulere. Chiti? Tamara akwatiwenso?

Ndikufuna mayankho. Amene anakukonzerani seva ija abwere aikepo chekisamu pafayilo iliyonse, ndipo isafufute kanthu kasitomala asanatsimikize kuti manambala afanana. Mudzachita liti? Ndi mabanja angati mwawachita zomwezi nkuwanamiza kuti ndi netiweki?

Inu a ku Chikwa, Kambombo ndi pa boma pano, musanalembe wojambula aliyense, mufunseni kuti fayilo amaisunga mpaka liti. Mukatsitsa, onerani mpaka kumapeto muli pakhomo pake.

Manje ndikuyenda nyumba ndi nyumba kupempha tizidutswa ta m'mafoni mwa anthu amene anali mu tchalitchi. Ndapezapo kamodzi ka malumbiro. Kakuonetsa chipewa cha mayi wina, koma mawu a Tamara akumveka. Dzulo adada anamvera ukwati wa mwana wawo foni ili pakhutu.