Dolika ndi Kaseti ya Azungu Okuwa

Amene munagulapo salaula, zovala zija zovalidwapo kale zobwera m'mabelo, pamsika wa Kapata zaka zija chitangotha chilala cha chimanga chachikasu, Dolika mukumudziwa. Mayi wamtali uja, wa majekete, amene ankakhala moyandikana ndi ogulitsa makala. Sanali woseka ndi anthu. Mtengo akanena wanena, ukayamba kunenerera ankangokulanda jeketeyo n'kuipachikanso, osakuyang'ana. Koma chimene amayi anzake ankamujeda nacho kwambiri n'chakuti pamaliro Dolika sankalira. Ndipotu maliro zaka zimenezo, abale inu, sankatha mu Kapata. Uku mukuika, uko ayamba kale kutulutsa mipando panja. Dolika ankafika msanga, kutunga madzi, kuphika, kuimba m'kwaya ya Akatolika mawu osanjenjemera, koma msozi ayi. "Mtima wamwala," ankatero. Anthu pakamwa! Sankadziwa kanthu.

Ali mtsikana kwawo cha ku Tamanda, Dolika anakwatiwa ndi Bonifasi, mlimi wa thonje. Mwana wake woyamba anabadwa wamoyo, koma anamwalira mchombo usanagwe, asanatulutsidwe n'komwe m'nyumba. Mwana wotere kwathu timati nthayo. Sakhomeredwa bokosi, saimbiridwa nyimbo, amuna sapita kumanda. Amayi achikulire amangomukulunga m'kansalu n'kukamuika m'dzenje losaya. Ndipo mayi wake salira. Dolika atatsegula pakamwa, azakhali ake, a Sesiliya, anamutseka ndi dzanja.

"Meza, mwanawe. Ukalira mimba itseka, sudzaonanso mwana."

Dolika anameza. Nanga mwana wina anamuona? Ayi ndithu. Zaka zinapita, Bonifasi anatopa n'kukapeza mkazi wina, Dolika n'kumanga katundu wake kubwera m'tauni. Kuyambira pamenepo kulira kunamukanika. Akamva anzake akubuma maliro, ankadzifunsa kuti angalire bwanji mwana wa mwini, wake asanamulire.

Tsiku lina akumasula belo la majekete anapeza kaseti m'thumba la jekete lachikopa. Zilembo zake zinali zitafufutika. M'matumba a salaula mumapezeka zambiri, mipango, zisa, timapepala ta masiwiti, ndiye sanadabwe. Atafika kunyumba anaiika m'wailesi yake uku akusenda mbatata, akuganiza kuti mwina ndi nyimbo za tchalitchi.

Mayo ine! Mpeni unagwa. Ng'oma zake ngati matalala padenga la malata, magitala akukukuta ngati chigayo chosweka, kenaka mzungu wina n'kukuwa. Osati kuimba, kukuwa kwenikweni, kochokera m'mimba, mpaka mawu kung'ambika. Dolika anatambasula dzanja kuti azimitse. Pomwepo phokoso linatsika, n'kutulukira mawu ena, a mnyamata woimba mofatsa, mokoma, mwachisoni. Wokuwa uja anabweranso, koma woimbayo sanasiye. Ankapitira limodzi, wina akung'amba kukhosi, mnzake akumuimbira pambali.

Dolika sanazimitse. Chingerezi sankachimva, ndipo ngakhale ochimva akanatolapo chiyani pamenepo? Koma chimene chinkachitika anachizindikira. Anali maliro amenewo, m'nyumba akubuma, panja kwaya ikuimba. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti woimba mokomayo sankamuletsa mnzakeyo. Sankamuuza kuti meza. Ankamusiya akuwe mpaka mpweya uthe, iye n'kumugwirizira nyimbo kuti isagwe, mnzakeyo akapuma ayambirenso.

Basitu, kasetiyo inakhala yake. Akaweruka kumsika ankatseka chitseko, kutsitsa mawu, n'kukhala pamphasa wailesi ili pamiyendo. Iye sankakuwa nawo, ankangotsegula pakamwa, mzungu uja n'kumamukuwira. Makoma a mu Kapata sasunga chinsinsi. Posakhalitsa mbiri inawanda yakuti mayi wa majekete amamvera nyimbo za Satana, n'chifukwa chake salira, ndipo mwina mwana wake anachita kumupereka kuti malonda aziyenda. Malonda ake ati, munthu wogona m'chipinda chimodzi chodontha? Koma makasitomala ena anayamba kulambalala benchi lake, ndipo m'kwaya anzake ankasiya kampata pomwe iye waima.

Nyengo yokolola thonje kunabwera uthenga wochokera kumudzi. Precious, mwana wa malemu mkulu wake, anali atabereka mwana wakufa. Dolika anatseka benchi, n'kukwera galimoto ya ku Tamanda, wailesi ataikulunga m'chitenje.

Anapeza amayi atabwerako kale kokataya mwanayo. Precious anali atakhala pamphasa, mkaka ukunyowetsa bulauzi, maso ali gwa kukhoma. Pambali pake panali a Sesiliya omwe aja, okalamba tsopano, msana utapindika koma lamulo lili lomwe lija. Musawaone ngati mfiti, iwonso anataya ana awo n'kumeza, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akumuteteza mwanayo. Koma Dolika ataona Precious akulimbana n'kumeza kulira, mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu.

Anadikira mpaka masana, anthu atabalalikira kuminda, a Sesiliya akuwodzera pakhonde.

"Dzuka, mwana wanga, ukawongole miyendo."

"Amayi aang'ono, andiletsa kutuluka."

"Ndamva. Dzuka."

Anamugwira mkono n'kutsika naye pang'onopang'ono kuseri kwa nkhokwe, mpaka kudambo kumene kunali nthochi zowirira. Anamukhazika pansi, n'kuika wailesi pachitsa.

"Ichi chikayamba kukuwa, iwe lira. Amene amve adzati ndi misala ya mayi wa m'tauni. Ine anditukwana kale, sandionjezera kanthu."

"Nanga mimba ikatseka?"

"Ine ndinameza. Ana anga ukuwaona?"

Dolika anakweza mawu a wailesi mpaka kumapeto. Mbalame zinabalalika m'nthochimo. Precious anadzidzimuka, anayang'ana wailesi, anayang'ana mayi ake aang'ono, ndipo pamene mnyamata wofatsa uja analowa ndi nyimbo yake, mtsikanayo anasweka. Analira chogubuduka, akukanda dothi, mawu ake atabisika m'kati mwa phokoso la azungu. Dolika anagwada n'kumugwira mapewa. Ankati agwire mwanayo basi, ntchito yake ithere pomwepo. Sanadziwe kuti pakamwa pake patseguka liti.

Mabatire anali akale. Mawu a mzungu anayamba kukoka, kunenepa, kenaka wailesi inangoti zii. Koma kukuwa sikunasiye. Precious anali atatopa kale, akungosisima. Amene ankakuwa anali Dolika, mayi wa imvi zoyamba, atakumbatira mimba yake, akuitana dzina limene anapatsa mwana wake mumtima, limene sanauzepo munthu ngakhale Bonifasi.

"Innocent! Innocent mwana wanga ine! Anakutaya ngati chinyalala, ine ndili chete!"

Kulira kotere kumudzi sikufuna mthenga. Anthu anasiya matumba a thonje m'minda n'kuthamangira kudambo, amayi atayamba kale kubuma m'njira osadziwa n'komwe kuti walira ndani. Atafika anangoima. Panalibe mtembo, panali amayi awiri m'matope ndi wailesi yakufa pachitsa. A Sesiliya anafika pambuyo ndi ndodo yawo, ndipo ataona Precious maso ali psuu, anagwira kumutu n'kunena kuti Dolika wamulodza mwanayo, achoke pamudzi dzuwa lisanalowe.

Lazaro, mkulu wa mpingo pamudzipo, anali atavula chipewa monga achitira mwamuna akamva maliro. Anayandikira n'kufunsa mwaulemu.

"Pepani amayi, wamwalira ndani?"

"Mwana wanga," anatero Dolika, mawu atasasa.

"Liti?"

"Kalekale, achimwene. Inu musanakwatire."

Dolika anadikira, akuyang'ana nkhope imodziimodzi, kuti mwina wina akhala naye pansi monga tichitira ndi namfedwa. Precious anafuna kutsala, koma apongozi ake anamukoka mkono n'kupita naye. Amayi ena anayang'ana kumbali, ena anapukuta m'maso mobisa, koma wokhala pansi panalibe. Lazaro anatembenuza chipewa chake m'manja kwa kanthawi, kenaka anachivala n'kubwerera kumunda.