Zenera Lakumapeto

Eusebio Arellano, amene ku Redlands ankangomutcha Chebo, anakulira m'fungo la malalanje. Mayi ake, a Refugio, ankagwira ntchito m'shedi yolongedzera malalanje m'mbali mwa njanji: kutola lalanje pa lamba wa makina, kulikulunga m'kapepala, kuliika m'bokosi, tsiku lonse ali chiimire. Akapitawo anawaika pa zenera lakumapeto, pafupi ndi chitseko cholowera mphepo, malo amene aliyense ankawakana. Anaimapo mpaka miyendo inatupa, ndipo itatupa anawachotsa ntchito popanda ngakhale zikomo. Shediyo anaigumula kalekale. Pano anthu amaimikapo magalimoto.

Chebo anakalambira pa ntchito ya mapaipi, mkazi n'kumusiya wamasiye. Atapuma analowa kalabu ya madoda oyendetsa timasitima pa chithebulo chodzaza timapiri, timilatho ndi timatauni tamakedzana. Ndi masewera a ana, inde, koma musayerekeze kuwauza. Iwo anamupatsa kadanga m'mbali mwa kanjanji kuti amangepo shedi ya malalanje.

Anaimanga ndi mtima wonse, magalasi ali pamphuno, zala zili guluu yekhayekha. Timalata anatipaka dzimbiri. Njere za mpiru anazinyika mu utoto, zikhale malalanje. Pa zenera lililonse anaimikapo kachidole ka mzimayi, ndipo mzimayi aliyense Chebo ankamudziwa dzina. Ka kumapeto anakapaka mpango wobiriwira.

Komatu a timasitima ali ndi kachitidwe kawo: nyumba yaitali saimanga yonse. Amaifupikitsa, kudumpha mazenera ena, kuti ikwane pathebulo. Chebo ankazidziwa bwino zimenezi. Kungoti akati adumphe zenera, ankaona nkhope ya mayi amene ankamupatsa lalanje ali mwana, ndiye ankalimanga basi.

Atapita nayo ku kalabu, shedi inadzaza kadanga kaja n'kutsekanso njanji yaikulu. Wapampando, Dale Hostetler, anaseka mpaka kutsokomola.

"Madala, mwatibweretsera shedi kapena bwalo la ndege?"

"Ndi mmene inalili," anatero Chebo.

"Palibe akukana. Nanga sitima idutsa pati, pamutu panu?"

"Sunthani kaphiri aka."

"Aa, phiri lokhala ndi mwini wake limenelo? Dulani, achimwene. Chionetsero ndi Loweruka. Mukakana, pali wina ali ndi kamalo komwetsera mafuta, akungodikira danga lomweli."

Chebo analoza kutsogolo kwa shedi, kumene kunali ofesi ya bwana. "Ndiye tidule uku."

"Iyayi, uko kuli chikwangwani, alendo amajambula chimenecho. Dulani kumapetoku. Mazenera ofanana okhaokha, adziwe ndani?"

Zinamuwawa Chebo, zinamuwawa kwambiri. Koma akanapita nayo kuti? Kunyumba kwake kulibe njanji, kulibe wobwera kudzaona. Akanaichotsa, shediyo ikanafafanizika m'tauni kachiwiri, azimayi onse aja n'kupita nayo limodzi. Anakana kuti wina aigwire. Anabwereka kasowo, n'kudula yekha, mowongoka bwino monga ankadulira mapaipi.

Loweruka anthu anadzaza. Kasitima kankaima pa shedi ndi timabogi take tachikasu, makolo akunyamula ana kuti asuzumire m'mazenera. Mayi wina wa imvi anagwira pachifuwa.

"Ndendende mmene inalili!" anatero.

Dale anamumenya Chebo paphewa. "Mwamva, madala? Palibe chasowa."

Dzanja la Chebo linali m'thumba la jekete, litafumbata kachidutswa ka khoma, zenera limodzi ndi kachidole ka mpango wobiriwira. Bwana anatsala mu ofesi yake. A Refugio anali atachotsedwanso ntchito, ulendo uno ndi mwana wawo yemwe.