Sindiwolokanso Zambezi

Ndinakulira m'bwato. Kuyambira ndili mtsikana ndinkawoloka Zambezi kukagula nsomba zouma ku Zumbo, ndipo ngakhale mvuu sizinkandiopsa. Koma mwana wanga womaliza atasiya kuyamwa, mantha anandilowa popanda chifukwa. Mtima unkathamanga ndili chikhalire pamphasa. Manja ankanjenjemera mpaka madzi kutayika m'kapu. Ndinkadya kwambiri, koma ndinkangoonda.

Tsiku lina tili pakati pa mtsinje ndinayamba kulira, kupempha wopalasa kuti abwerere. Anabwereradi, anzanga a malonda akung'ung'udza.

Amuna anga ananditengera kumapemphero, kenako kwa asing'anga, koma sizinathandize. Pomaliza anandikweza pa njinga kupita kuchipatala, komwe adokotala anandigwira pakhosi ndi kuyeza magazi.

"Amayi, simunapenge," anatero. "Ndi chithokomiro. Kachiwalo ka pakhosi apa kakugwira ntchito mopyola muyeso, ndiye kakuthamangitsa thupi lonse."

Ndinasangalala kumva kuti matenda anga ali ndi dzina. Mapilisi anachepetsadi kunjenjemera, koma mantha anali atakhazikika kale mwa ine. Zaka zapita, koma ndikangoyandikira padoko ndimabwerera. Kutchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo kuti ndizitha kutuluka msanga. Anzanga aja anasiya kundiitana.

Mwana wanga woyamba wapeza mwamuna tsidya lija, ndipo ukwati udzachitikira komweko. Posachedwapa anandifunsa, "Amama, mudzabwera?"

Ndinamuyankha kuti tidzaona. Sanafunsenso, anangopitiriza kutsuka mbale.