Moni Umodzi pa Sekondi

Ku Kacholola, pamene mabasi ochokela ku Chipata amaima kuti anthu aongole miyendo asanatsike mapili a ku Luangwa, kuli mai wina wogulitsa nthochi dzina lake Ezelina. Anzake a pamsewu amangoti amake Tamara. Kwa zaka zambili mai ameneyu anali ndi chizolowezi chimene aliyense ankachidziwa. Ikaima lole ya manambala a ku Mozambiki, iye ankawasiya anzake akulimbilana basi, n'kulunjika kwa dalaivala ndi phava la nthochi m'manja. Akalandilana malonda, ankatsitsa mau.

"Bambo, kumene mwachokako simunamvepo za munthu wina dzina lake Kalisto, wa ku Fingoe?"

Ambili anali anyamata a ku Beira, Fingoe sankakudziwa n'komwe. Ankapukusa mutu n'kuliza injini.

Kalisto anali mlongo wake wamkulu. Awiliwa analowa m'Zambia mu 1987 pothawa nkhondo, Ezelina ali kamtsikana kosatha msinkhu. Makolo awo anatsala m'mudzi umene unatenthedwa, ndipo za iwo sizinamvekenso. Kumalo a othawa nkhondo ku Ukwimi, m'boma la Petauke, Kalisto ndiye anali bambo, ndiyenso mai. Analima munda umene anapatsidwa, anaphunzila kukonza njinga, ndipo nsalu yoyamba imene Ezelina anavala atakula anagula ndi iye.

Nkhondo itatha, mu 1994, kunabwela malole odzatenga anthu kubwelela kwawo. Apo n'kuti Ezelina atakwatiwa ndi Gideon Daka, Mnsenga womanga nyumba, ndiponso ali ndi pakati potopa. Kalisto anakwela lole ndi njinga yake. Ali pamwamba pa katundu anafuula kuti, "Mwana akayamba kuyenda ubwele naye ndidzamuone!" Fumbi linamuphimba akadagwedeza chipewa.

Mwanayo anabadwa, anayenda, anathamanga. Koma ntchito inamutengela Gideon ku Kacholola, ana ena anatsatana, kenako Gideon anadwala zaka zinai mpaka kumwalila. Chaka chilichonse Ezelina ankati chaka chamawa. Panalinso china chimene sankachitchula: mtima wake unkaopa kukaponda pamene panali nyumba ya amake.

Tamara, mwana woyamba uja, anakula n'kukhala mphunzitsi wa masamu pasukulu ina kufupi ndi Minga. Pa tchuthi china anabwela kudzaona amake, ndipo masana ena, msewu uli zii, anakhala pansi pa mthunzi wa thandala la nthochi akufufuza dzina la amalume ake pafoni. Anatuluka a Kalisto ambilimbili, ena a maiko akutali, koma wa ku Fingoe panalibe.

"Amai, n'zovuta," anatelo Tamara. "Padziko pano tilipo anthu mabiliyoni asanu ndi atatu."

"Biliyoni ndiye miliyoni yonenepa?"

Tamara anaseka, koma ataona kuti amake akufunsa zenizeni anaika foni pansi.

"Tiyelekeze kuti anthu andanda pamzele, inu mukuwapatsa moni mmodzimmodzi. Moni umodzi pa sekondi, chonchi." Anaomba m'manja pang'onopang'ono, phu, phu, phu. "Osagona, osadya, osapita kuseli. Kuti mumalize anthu miliyoni imodzi papita sabata ndi theka."

Ezelina anavomela ndi mutu. Sabata ndi theka ankaidziwa. Ndi nthawi yoti mkoko wa nthochi udulidwe, uvundikilidwe, upse, ugulidwe wonse.

"Nanga biliyoniyo? Miyezi iwili?"

"Iyai. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndi miyezi ingapo pamwamba."

"Usandinamize, iwe."

"Zoona, Amai. Ndi zaka zanga zimenezi. Mukanayamba moni tsiku limene munandibala, bwenzi pano mukumaliza kumene biliyoni yoyamba. Kwatsala mabiliyoni asanu ndi awili."

Ezelina anamuyang'ana mwana wake ngati akumuona koyamba. Anaona chipsela cha pachibwano chimene anachipeza atagwa mu mtengo wa mango ali giledi 2. Anakumbukila chikuku, mayeso, malilo a atate ake, tsiku limene anapita ku koleji ndi sutikesi yobweleka. Zonsezo, kuyambila kulila koyamba mpaka mai wamkulu wakhala apayu, zinali biliyoni imodzi yokha ya kuomba m'manja kuja. Ndipo ndi nthawi yomweyo imene inapita chionele Kalisto ali pamwamba pa lole. Masiku onsewo ankangoti papita nthawi, ngati mmene munthu amanenela za mvula yochedwa. Lelo ndiye anaona kutalika kwake.

Basi inaima, anzake anathamanga, iye sananyamuke. Basi itapita anafunsa:

"Koma mlongo wanga sali padziko lonse. Ali ku Mozambiki. Kumeneko aliko angati?"

Tamara anatolanso foni. "Apitilila mamiliyoni makumi atatu. Moni wake ndi chaka chathunthu ndi kanthu."

"Chigawo cha Tete chokha?"

"Mwezi ndi masiku."

"Nanga boma lathu, kumene kuli Fingoe?"

Tamara anawelengela pang'ono. "Masiku awili sangakwane."

Ezelina anathothola nthochi yakupsa kwambili pa phava n'kuiika pambali.

"Masiku awili," anatelo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa anthu a ku Beira."

Ananyamuka mvula itatha, njila zitauma. Tamara anapempha masiku kuntchito n'kuwapelekeza amake. Anakwela basi mpaka ku Katete, n'kudutsa malile pa Chanida, kenako lole ya chimanga ndi njinga zamoto m'misewu yafumbi. Ezelina ankayembekeza kuti akazindikila mapili ndi mitsinje, koma palibe chimene chinamulandila. Mitengo imene ankaidziwa inadulidwa, ndipo imene inalipo inamela iye atachoka.

Ku Fingoe anayambila pamsika. Kumeneko moni sanali wa sekondi imodzi. Aliyense ankafuna kudziwa kuti iwo ndi ana a yani, achokela kuti, ku Zambia chimanga chachita bwanji. Tsiku loyamba linatha atalankhula ndi anthu osakwana makumi anai. Tsiku lachitatu, pakhomo la tchalitchi, mkulu wina wosesa pabwalo anaimika tsache.

"Kalisto wokonza njinga? Amene anabwela ndi a ku Ukwimi?"

Tamara ndiye anavomela kuti ndi yemweyo.

Mkuluyo anavula chipewa, ndipo Ezelina anadziwilatu. Kalisto anamwalila zaka zitatu zapitazo, atadwala chifuwa. Koma mkazi wake, Rita, analipo, m'mudzi wina kuseli kwa phili.

Anamupeza Rita akusenda mtedza pakhonde, mai wochepa thupi wa maso akuthwa. Asanamalize kudzitchula, Rita anataya lichelo n'kumugwila Ezelina m'mapewa.

"Alamu! Ndinu Ezelina. Mphumi imeneyi ndagona nayo nyumba imodzi zaka makumi awili ndi zisanu."

Analila onse, anansi n'kusonkhana. Madzulo asanafike anapita kumanda, ndipo Ezelina anagwada pa mtumbila umene unali utamela kale udzu. Anangoti, "Alongo, mwana uja ndabwela naye. Anayamba kuyenda."

Mawa lake, ali awili pa mphasa, Rita anamuuza chinthu chimene Ezelina sanachiyembekeze. Kalisto anapitako ku Zambia kukamufuna, chaka china mwana wawo woyamba ali kumsana. Anapalasa njinga kudzela njila zachidule mpaka ku Ukwimi, kumene anamuuza kuti mlongo wake anapita ndi mwamuna wake "cha kumsewu waukulu." Anafunsa m'Petauke, anafunsa ku Minga, anafika mpaka pa Nyimba. Kumeneko thumba la ufa wa kamba linatha, malungo anamugwila, ndipo anabwelela.

"Pa Nyimba?" anatelo Ezelina.

"Ee, pa Nyimba. Ankati pali msika wa nthochi zambili."

Pa Nyimba ndi pamene Ezelina ankapita kukapikula nthochi zikasowa ku Kacholola. Pa basi munthu sumaliza n'kudya chinangwa chootcha usanafike. Anafuna kumuuza Rita zimenezo, koma anaona kuti zingomuwawitsa mtima, ndiye anazimeza.

Anakhala kumeneko sabata yathunthu. Tamara ankacheza ndi asuweni ake, akusekana kalankhulidwe. Ezelina sankachoka pambali pa Rita. Ankasenda naye mtedza, ankapita naye kumjigo, ndipo mafunso sankatha. Kalisto amene iye ankamudziwa anali mnyamata wa tsitsi lodzaza mutu, ndipo ankafuna kudziwa mmene anakalambila.

"Anachita imvi?"

"Imvi zikanamela pati? Dazi lonse, ngati dzungu."

"Ananenepa?"

"Aa, iye uja? Koma ankatsimphina, njinga yamoto inamugunda mwendo. Ndiye kukwaya! Mau ngati chitseko, koma osajomba. Aphunzitsi a kwaya ankamuimika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenela."

Ezelina anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka.

Lelo ali ku Kacholola konkuja, pa thandala lake. Rita alibe foni, koma mwana wake wamwamuna ali nayo, ndipo Lamulungu lina awiliwo akakwela pachulu pamene pamagwila netiweki, amaimba. Akapatsana moni ndi kufunsana za ana ndi minda, Ezelina amapempha chinthu chimodzi chokha.

"Alamu, ndiuzeni kena kake ka iye kamene simunandiuzepo."

Rita amaganiza kaye, foni ili kukhutu. Ulendo wathawu ananena kuti Kalisto sankadya mazila, ndipo pokonza njinga ankalankhula nayo ngati ikumva.